Kumvetsa Machitidwe Achilendo a Mwana wa Vuto la Autism

Pali ana ena amene amadabwitsa makolo awo. Mwana wa zaka zitatu, wathanzi bwino, akamuitana dzina sacheuka, chonsecho akamva chigayo chikulira patali amatseka makutu nayamba kukuwa. Amakupiza manja, amayenda monyang'ama, ndipo angathe kutha m'mawa wonse akundandalika zitsekerero za mabotolo. Anansi ena amati ndi mwano, ena amati walodzedwa. Kawirikawiri mwana wotere amakhala ndi vuto lotchedwa autism, lomwe limabwera chifukwa cha kakulidwe ka ubongo. Gwero lake si ufiti, si katemera, ndiponso si kulera molakwika. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi vutoli.

Phunziro lathu mwezi uno ndi lakuti machitidwe amenewa ali ndi chifukwa chake, ndipo kholo loleza mtima lingathe kuchipeza.

Dokotala Leo Kanner wa ku chipatala cha Johns Hopkins ku America ndiye adalongosola vutoli m'chaka cha 1943, atapima ana 11. Woyamba mwa iwo adali Donald Triplett. Tsiku lina bambo ake, pofuna kumuphunzitsa kuyankha, adamufunsa ngati akufuna kumunyamula paphewa, namuuza kuti anene "inde" ngati akufuna. Kuyambira pamenepo, kwa Donald liwu lakuti "inde" lidatanthauza kuti andinyamule paphewa. Mlendo akadamva akadati mwanayo akungobwebweta, koma amene adadziwa kumene liwulo lidachokera ankamumva bwino lomwe. Donald adakula, adagwira ntchito kubanki, namwalira mu 2023 ali ndi zaka 89.

N'chimodzimodzi ndi mwana amene amabwereza mawu anu. Mukamufunsa kuti, "Ukufuna phala?" iye nayenso amati, "Ukufuna phala?" Sakukunyozani ayi. Nthawi zambiri kumeneko ndiko kuvomera kwake.

Ana ambiri otere amamva phokoso, fungo ndi kukhudza kwa zinthu mopitirira muyeso. Mvula pamalata, wailesi, msoko wa malaya kapena mibulu ya m'phala zingamusautse monga mmene minga imasautsira ife. Kukupiza manja ndi kudzigwedeza ndiyo njira yake yodzikhazika mtima pansi, ndipo ngati sakudzivulaza palibe chifukwa chomuletsera. Kundandalika zinthu ndi kuumirira kapu imodzimodzi kumamupatsa mtendere, pakuti iye amachita mantha zinthu zikasintha mosayembekezeka.

Koma chimene chimaiwalika kwambiri ndi ululu. Mwana wosatha kulankhula sanganene kuti dzino likuwawa, khutu likupweteka kapena wadzimbidwa. M'malo mwake amadziluma, amadzimenyetsa mutu kukhoma kapena amaleka kugona. Motero khalidwe likasintha mwadzidzidzi, yambani mwaganizira za matenda, ndipo pitani naye kuchipatala musanaganize za chilango. Kumukwapula kumangoonjezera mantha pa ululu umene ali nawo kale.

Nanga kholo lingapeze bwanji chifukwacho? Tengani kope, ndipo kwa milungu iwiri muzilemba zinthu zitatu nthawi iliyonse mwana akavuta: chimene chachitika asanayambe, chimene iye wachita, ndi chimene inu mwachita pambuyo pake. Ngati simutha kulemba, mwana wasukulu akulembereni. Mudzaona kuti kulira kumene munkati n'kopanda mutu kumadza pa nthawi yofanana, mwina kukabwera alendo, mwina mukadzera njira ina popita kumjigo. Mukachidziwa chifukwacho, muchenjezeni zinthu zisanasinthe, muzilankhula naye ndi mawu ochepa, ndipo mumuphunzitse kuloza kapena kukubweretserani kapu pamene akufuna madzi. Mwana akapeza njira yopemphera, nthawi zambiri kukuwa kumachepa.

Kope lomwelo mupite nalo kusikelo, ndipo mupemphe kuti amupime makutu, popeza kusamva nakonso kumachititsa mwana kusacheuka. Khunyu limapezeka kwambiri mwa ana a autism kusiyana ndi ana ena. Choncho mwana akamangoti duu kwa kanthawi, maso ali tong'o, osayankha ngakhale mutamugwira, muwauze a chipatala msanga, chifukwa khunyu lili ndi mankhwala.