Udindo wa Mwana Wamkulu ndi Wamng'ono m'Nthano

Mukamasanthula ampangankhani amene ndi ana a bere limodzi, yambani mwadzifunsa kuti: kodi wamkulu ndani, nanga wamng'ono ndani? Yankho lake lidzakuthandizani kumvetsa khalidwe lawo komanso gwero la mkangano.

Mawu oyenera kuwadziwa

Chisamba: mwana woyamba kubadwa.
Mzime kapena chitsirizira: mwana womaliza.
Kupondana: kubadwa motsatizana.
Mlongo: mmene mnyamata amatchulira m'bale wake wamkazi, kapena mtsikana m'bale wake wamwamuna.

Mwana wamkulu

Pa chikhalidwe chathu, ukulu ndi mtolo. Mtsikana wachisamba amasanduka mlezi akadali wamng'ono; amabereka khanda kumbuyo amayi ali kumunda. Mnyamata amatsogolera ang'ono ake koweta mbuzi, ndipo ziweto zikalowa m'munda mwa eni, mlandu umayambira pa iye. Pakati pa Achewa, mnyamatayu akakula amakhala mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo.

Mwana wamng'ono

Uyu ndi wotumidwa. Amasasatitsidwa, koma mawu ake salabadiridwa. Apa mpamene nthano zimatembenuza zinthu. Kumbukirani nthano ya mtsikana amene anakana amuna onse a m'mudzi n'kukwatiwa ndi mlendo, osadziwa kuti ndi fisi. Kamlongo kake kanamutsatira ku ukwatiko ngakhale iye ankakathamangitsa. Usiku ndi kamnyamatako kamene kanamva afisi akupangana zomudya, ndipo nzeru zake ndi zimene zinapulumutsa onse awiri. Phunziro lake nlakuti ukulu umapatsa udindo, koma nzeru sizisankha msinkhu. Dziwani kuti nthanoyi sikutsutsa mwambi wakuti "mawu a akuluakulu akoma akagonera." Ikungochenjeza wamkulu kuti asamanyoze wamng'ono.

Poyankha mayeso a MSCE

Musamangolemba kuti "anali wanzeru" basi, mudzataya malikisi. Tchulani khalidwe, perekani umboni wochokera m'nkhanimo, kenaka sonyezani mmene likugwirizanirana ndi msinkhu wa mpangankhaniyo. Chitsanzo: mnyamatayu anali wolimba mtima chifukwa sanagone pofuna kuteteza mlongo wake, ntchito imene timayembekezera kwa wamkulu.

Ntchito

1. Fotokozani maudindo awiri a mwana wachisamba.
2. Kodi mtsikana wa m'nthanoyi analephera bwanji pa ukulu wake?
3. Tchulani nthano ina imene mzime akupulumutsa abale ake.