Makalata a Omvera: "Yes" Wosokoneza ku Area 3

Kalata ya lero yachokera ku Area 3 mumzinda wa Lilongwe. Mayi amene alembawa amagwira ntchito yophika panyumba ya azungu, ndipo akudandaula kuti akayankha m'Chingerezi, abwana awo amamva zina.

Vuto lalikulu lagona pa funso lokana. Pa Chichewa, munthu akafunsidwa kuti "Simunagule mkaka?" amati "Eya", kutanthauza kuti sanaguledi. Koma Mngelezi akafunsa kuti "You didn't buy milk?" n'kumva "Yes", amakatsegula firiji kufuna mkakawo. Ngati sanagule, mayiwa anene kuti "No, I didn't". Ngati agula, "Yes, I did". Mawu awiri owonjezerawo amathetsa chisokonezo chonse.

Kunena za "Sorry", mayiwa asamuope. Mwana akagwa pakhonde, pepani amatuluka yekha pakamwa pa Mmalawi, ndipo m'Chingerezi mawuwa amasonyezanso chifundo. Abwana akayankha kuti "It's not your fault", sanawanyoze, angoganiza kuti akudziimba mlandu.

Tsono "OK" amangosonyeza kuti munthu wamva ndipo wavomera. Polandira malipiro kapena mphatso, mayiwa anene "Thank you", osati "OK".