Kuchotsa Wantchito Mosaphwanya Lamulo: Mafunso ndi Mayankho kwa Amalonda a ku Matope

Kabuku aka talembera eni zigayo, magolosale, malo odyera ndi ena onse olemba anthu ntchito kuno ku Matope mpaka ku Zalewa. Madandaulo ambiri amene timalandira ndi a nkhani imodzi: munthu wachotsa wantchito, patapita masiku walandira kalata yomuitana ku leba. Mayankhowa akuchokera m'lamulo la Employment Act la 2000. Nkhani ikakula, funsani ofesi ya zantchito ya boma la Neno kapena loya.



  

Malipiro ochepetsetsa ndi angati?

Mu Febuluwale 2024 boma lidaika K90,000 pamwezi kwa antchito ambiri, ndipo lakwezanso pambuyo pake. Antchito a pakhomo ali ndi mlingo wawo. Funsani mlingo wa chaka chino musanagwirizane ndi munthu.

Ndili ndi wantchito mmodzi yekha ndipo sitidalemberane kalikonse. Lamuloli likundikhudza?

Likukukhudzani. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu. Munthu akamabwera tsiku ndi tsiku, nthawi yoyamba ndi yoweruka mumamuuza ndinu, mwezi ukatha mumamulipira, ameneyo ndi wantchito ngakhale inu mumutche waganyu. Gulani kope, mulembe tsiku limene adayamba, malipiro ake ndi ntchito yake, ndipo azisayina akalandira ndalama.

Ndikukayikira kuti mnyamata wa kuchigayo akundibera. Ndingamuthamangitse lero lomwe?

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mavuto. Gawo 57 la lamuloli likufuna zinthu ziwiri: pakhale chifukwa chenicheni, komanso munthuyo apatsidwe mpata wodziyankhira asanachotsedwe. Chimodzi chikasowa, mlandu ukhoza kukutembenukirani ngakhale mnyamatayo adabadi.

Kukayikira pakokha si umboni. Ngati mayunitsi a ESCOM akutha msanga pamene ndalama za m'kabati zikuonetsa ndowa zochepa zogayidwa, lembani zimenezo m'kope tsiku ndi tsiku. Kenako muitaneni, mumuuze momveka chimene mukumuganizira, mumuonetse kopelo, ndipo mumupatse nthawi yoti ayankhe. Pakhale mboni, iyenso abwere ndi munthu wake ngati akufuna. Mwina adzanena kuti lamba amaterereka kapena kuti amangongoza anthu ndi chilolezo cha akunyumba kwanu, zotere zimachitika. Lembani zonse zimene zanenedwa, nonse musayine. Mukaona kuti yankho lake silikumveka, mupatseni kalata yonena chifukwa chomuchotsera. Dziwani kuti ku khoti, wofunika kutsimikizira kuti chifukwa chidalipo ndi bwana, osati wantchito.

Nanga ndikamugwira ndalama zili m'manja?

Kuba ndi kulakwa kwakukulu, ndipo lamulo limalola kuchotsa munthu wotere popanda notisi. Komabe mumveni kaye monga tanenera pamwambapa. Kupita naye ku polisi ndi nkhani ina, siilowa m'malo mwa kumumva. Musamumenye kapena kumutsekera m'sitolo, chifukwa pamenepo wopalamula mukhala inu.

Ndingadule shoti pa malipiro ake, kapena kuwagwira onse?

Chenjerani. Lamulo limaletsa kudula malipiro mwachisawawa, ndipo masiku amene munthu wagwira kale ntchito ayenera kulipidwa ngakhale mwasiyana moipa. Malipiro otsala aperekedwe pasanathe masiku 7 chithere ntchito, pamodzi ndi ndalama za tchuthi chimene sadapite. Ngati akuvomera shotiyo, mulemberane za kabwezedwe kake. Akakana, kafunseni ku leba musanadule kanthu.

Malonda sakuyenda, ndikufuna kuchepetsa antchito. Ndilipira zingati?

Wolandira pamwezi amapatsidwa notisi ya mwezi umodzi kapena ndalama ya mweziwo. Ngati wakwanitsa chaka, palinso ndalama yotsazikira, imene ku leba amati severance: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 kupitirira apo. Wa zaka 3 ndiye kuti angalandire pafupifupi malipiro a mwezi ndi theka, kuwonjezera pa notisi. Pakhoza kukhalanso za penshoni kapena gratuity malinga ndi mtundu wa ntchito, choncho musawerengetse nokha. Wochotsedwa mwachilungamo chifukwa cha kuba salandira severance.

Ndalandira kalata ya ku leba. Kodi andimanga?

Kalatayo ndi yokuitanani kukakambirana. Wantchito ali ndi miyezi 3 yokadandaula kwa mkulu wa zantchito chichotsedwere, ndipo mkuluyo amayesa kukuyanjanitsani. Pitani pa tsiku lake ndi kope lija komanso kalata yomuchotsera. Zikakanika, nkhani imapita ku Industrial Relations Court ku Blantyre. Khotilo likapeza kuti mudachotsa munthu mopanda chilungamo, likhoza kulamula kuti abwerere pantchito kapena kuti mumulipire chipukutamisozi. Kwa amene sadapitirire zaka 5, chipukutamisozicho sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse, koma chikhoza kukwera kwambiri malinga ndi nkhaniyo. Onjezanipo thiransipoti ndi masiku otseka bizinesi.

Wantchitoyo ndi mwana wa mlongo wanga, amadya ndi kugona pakhomo panga. Nayenso ndiyenera kumuitanira bwalo?

Funso ili limabwera kawirikawiri, ndipo yankho ndi lomwe lija. Ngati mumamulipira chifukwa chogulitsa mugolosale, mwina khoti lidzamuona ngati wantchito, ndipo chibale sichimuchotsera ufulu womvedwa. Akuluakulu a banja angakhalepo monga mboni, koma zokambiranazo zilembedwe. Ngati sanakwane zaka 14, lamulo silikulolani n'komwe kumulemba ntchito.