Phula la m'kaliwo wa chamba

Funso: Adokotala, ndimakhala ku Block 3, ku Gaborone, ndi mng'ono wanga amene amasuta chamba. Chikamuthera amapala zakuda zomata m'kaliwo n'kusutanso. Tsopano akutsokomola usiku wonse. Kodi zakudazo n'zoopsa?

Yankho: N'zoopsa ndithu, achimwene. Zakudazo ndi phula, mwaye ndi phulusa zotsalira chamba chikapsa. THC, amene amaledzeretsa, amatsalamo wochepa, choncho munthu amakoka utsi wambiri woipa kuti amveko kanthu. Utsiwo umawotcha kukhosi ndi kutupitsa njira za mpweya.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chifuwacho. Anyamata amasuta mopatsirana kaliwo m'kachipinda kotseka, ndipo TB imafala mosavuta m'malo otero. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ngati akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, apite kuchipatala akayezetse makhololo. Musadikire.

Kaliwo wonyowa amamera nkhungu, imene imavulaza mapapo a munthu wofooka chitetezo, monga wa HIV. Kutsuka kaliwo ndi kumuumitsa kumachotsa nkhunguyo, koma utsi wa chamba umakhalabe ndi phula lake.

Kumbukiraninso kuti kusuta chamba, kapena kuti motokwane monga amachitchulira Atswana, n'koletsedwa ku Botswana. A bungwe la BOSASNet, mu Gaborone momwemo, amapereka uphungu kwa ofuna kusiya. Muperekezeni mng'ono wanuyo nokha.