Kafukufuku wa Ulimi ndi Ulangizi ku Mulanje: Amayendetsa Ndani, Amayang'anira Ndani?

Kabuku aka ndi ka alimi, mafumu, makomiti a chitukuko ndi aliyense amene amafika ku ofesi ya zaulimi pa Boma ndi funso. Magalimoto okhala ndi zizindikiro za mabungwe amadutsa m'midzi yathu, anthu onyamula mapepala amatifunsa mafunso, minda yachitsanzo imakhazikitsidwa kenako n'kusiyidwa. Amene amawatuma anthu amenewa ndi ndani, nanga amayankha kwa yani?

Kodi alangizi amene timawaona kuno ndi antchito a yunivesite?

Ayi. Ambiri mwa iwo anaphunzira ku Natural Resources College ku Lilongwe, ena ku Bunda, koma akamaliza sukulu amalembedwa ntchito ndi boma. Ulangizi uli m'manja mwa nthambi ya Unduna wa Zamalimidwe yotchedwa DAES. Dziko linagawidwa m'zigawo zazikulu zisanu ndi zitatu za ulimi, ma ADD, ndipo Mulanje ili pansi pa Blantyre ADD. M'boma muno muli madera a ulangizi, ma EPA, asanu: Mulanje Boma, Thuchila, Kamwendo, Msikawanjala ndi Milonde. EPA iliyonse ili ndi mkulu wake, AEDC, ndipo pansi pake pali alangizi a m'madera, ma AEDO, amene mumawaona pa njinga.

Chiyambire ndondomeko yopereka mphamvu kwa anthu m'chaka cha 1998, ofesi ya zaulimi ya pa Boma imayankhanso kwa DC ndi khonsolo. Choncho mlangizi ali ndi mabwana mbali ziwiri: luso ndi mauthenga zimachokera ku unduna, kayendetsedwe ka tsiku ndi tsiku n'ka khonsolo. Yunivesite palibepo pa mzere umenewu.

Nanga yunivesite mbali yake ndi iti?

Sukulu ya ukachenjede imene inakhazikitsidwira ulimi ndi LUANAR. Poyamba inali Bunda College, nthambi ya University of Malawi kuyambira m'ma 1960. Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loiimika payokha mu 2011, inayamba kugwira ntchito mu 2012, ndipo Natural Resources College inadzaphatikizidwa pambuyo pake. Ntchito zake n'zitatu: kuphunzitsa, kufufuza, ndi kufikitsa zotsatira kwa anthu.

Kayendetsedwe kake kali chonchi. Khonsolo ya yunivesite ndiyo imaona za ndalama, katundu ndi kulemba ntchito akuluakulu. Seneti, yomwe ndi bwalo la aphunzitsi akuluakulu, imaona za maphunziro ndi kafukufuku. Wamkulu woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi Vice Chancellor, ndipo pansi pake pali ofesi yoona za kafukufuku ndi kufikira anthu. Kunja kwa mpanda, bungwe la NCHE limayendera mayunivesite onse kuona ngati maphunziro ali pa mlingo woyenera, pamene mkulu wofufuza za ndalama za boma ndi komiti ya aphungu yoona za chuma cha boma ali ndi mphamvu yofunsa mmene ndalama zayendera.

Taonani kuti pa onsewa palibe amene ntchito yake ndi kufunsa kuti, kodi zimene munapeza zija zinafika ku Milonde? Mphunzitsi wa pa yunivesite amakwezedwa pa udindo makamaka chifukwa cha zimene walemba ndi kusindikiza. Kuti mlimi anagwiritsa ntchito kapena ayi, zimawerengedwa pang'ono.

Ndiye amene amafufuza za mbewu zathu ndi ndani kwenikweni?

Gawo lalikulu limachitika ndi nthambi ina ya unduna, DARS, imene siteshoni yake yaikulu ili ku Chitedze. Siteshoni yake yoyandikana nafe ndi Bvumbwe ku Thyolo, kumene amagwira ntchito pa zipatso, ndiwo zamasamba ndi mbatata. Mbatata zofiira m'kati monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira ndi Anaakwanire zinatuluka mu 2011 kudzera m'ntchito ya akatswiri a boma mothandizana ndi bungwe la CIP. Nandolo wa Mwaiwathualimi anachokera ku mgwirizano wa boma ndi ICRISAT. Pambali pa ameneyu, alimi a kuno akusungabe Mthawajuni, amene sanachokere ku siteshoni iliyonse, ndipo ofufuza anzeru amayamba afunsa chifukwa chake.

Choncho pali nyumba zitatu: yunivesite pansi pa unduna wa zamaphunziro, DARS ndi DAES pansi pa wa zamalimidwe, iliyonse ndi bajeti yake ndi mabwana ake.

Kodi m'maiko ena zilinso chomwechi?

Osati konse. Ku America anasankha njira ina kalekale. Lamulo la Morrill la 1862 linakhazikitsa mayunivesite a zaulimi m'zigawo za dzikolo, la Hatch la 1887 linaika masiteshoni a kafukufuku m'manja mwa mayunivesite omwewo, ndipo la Smith-Lever la 1914 linawapatsanso ulangizi. Kumeneko mlangizi wa m'dera ndi wantchito wa yunivesite, ndipo funso la mlimi limatha kufika kwa wofufuza osadutsa unduna wina. Ife tinatengera dongosolo la atsamunda a ku Britain, limene linaika kafukufuku ndi ulangizi m'dipatimenti ya boma, sukulu n'kukhala payokha. Njira ya ku America nayo ili ndi zovuta zake, makamaka zoti alimi akuluakulu ndi makampani ndiwo amamveka kwambiri. Koma pa nkhani yoti wofufuza ndi mlangizi azikhala pakhomo limodzi, anatiposa.

Timamva za ku Mimosa. Kodi imeneyo ndi siteshoni ya boma?

Si ya boma, si ya yunivesite. Tea Research Foundation of Central Africa, imene ili ku Mimosa pa msewu wochoka pa Boma kupita ku Muloza, inakhazikitsidwa mu 1966, ngakhale kuti kafukufuku wa tiyi m'boma lino anayamba kale m'ma 1930. Tiyi weniweniyo anadzalidwa kuno kuyambira mu 1891. Bungweli limayendera ndalama zimene olima tiyi amasonkha, makamaka a ku Malawi ndi Zimbabwe, ndipo osonkhawo ndiwo amakhala m'bodi yoliyang'anira.

Apa m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa Mimosa ikutiphunzitsa kanthu pa nkhani ya kuyang'anira. Wofufuza wa kumeneko amadziwa bwino amene adzamufunse chaka chikamatha. Eni maesiteti akafuna tiyi wopirira chilala, kapena wopatsa mtundu wofiira umene ogula akunja amafuna, pulogalamu ya kafukufuku imalunjika komweko. Kutulutsa mtundu umodzi watsopano wa tiyi kumatenga zaka 15 kapena kuposa, ndipo ntchito yotere singatheke ndi ndalama za pulojekiti ya zaka zitatu. Chifukwa choti chopereka chimabwera chaka ndi chaka, Mimosa inatha kutulutsa mitundu monga SFS 150, SFS 204 ndi PC 108, ina mwa iyo n'kudzalidwa ngakhale m'maiko ena a mu Africa. Pamene akufuna zipangizo zimene alibe, amagwirizana ndi mayunivesite, monga University of Pretoria ku South Africa, koma funso limakhala lochokera ku Mimosa, osati ku yunivesiteyo.

Mbali inayo ndi yakuti wosonkha kwambiri ndiye amamveka kwambiri. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, amene anayamba kulowetsedwa m'ulimiwu kudzera ku Smallholder Tea Authority mu 1967, ali ndi mavuto awoawo: kusowa mbande, kamunda kakang'ono kamene sungazulemo tiyi wakale n'kudikira zaka osakolola, feteleza wa ngongole. Mawu awo amafika kudzera m'magulu monga Sukambizi Association Trust, ndipo gulu likafooka, mawuwo amafookanso. Komabe mlimi wa tiyi ali ndi khomo lodziwika logogodapo. Wa chinangwa, chinanazi kapena nandolo khomo lake silioneka bwino chotero.

Ndani amavomereza kuti mbewu kapena njira yatsopano ifike kwa alimi?

Komiti ya unduna yotchedwa ATCC. Kaya wapeza ndi mphunzitsi wa ku Bunda, katswiri wa ku Bvumbwe kapena kampani ya mbewu, ayenera kubweretsa umboni wa zoyesa za nyengo zingapo m'malo osiyanasiyana, kuphatikizapo m'minda ya alimi. Komiti ikakhutira, njirayo imaloledwa kulowa m'mauthenga a alangizi. Kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza m'munda umodzi, kumene akatswiri a ku Bunda anakuyesa zaka zambiri ndi anzawo a ku Michigan State University, kunadutsa pa khomo limeneli.

Pali alonda enanso. Ubwino wa mbewu yogulitsa amaona ndi a ku Chitedze, mankhwala ophera tizilombo amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, ndipo mbewu zosinthidwa chibadwa zimayendera lamulo lapadera la 2002. Thonje lotere linayesedwa m'munda wotchingidwa ku Bunda kuyambira mu 2013, ndipo panapita zaka zingapo lisanaloledwe kufika kwa alimi. Munthu akakubweretserani mbewu kapena mankhwala n'kumati ndi za kafukufuku wa ku yunivesite, mufunseni ngati zinadutsa ku ATCC, ndipo mufunsenso mlangizi wanu.

Ndalama za kafukufuku zimachokera kuti?

Zimene boma limapereka ku yunivesite zimathera kwambiri ku malipiro ndi kuyendetsa sukulu. Kafukufuku wambiri amadalira mabungwe ndi maiko akunja, monga Norway, imene yathandiza Bunda kwa zaka zambiri. Ku unduna nako, kuyambira mu 2005 gawo lalikulu la bajeti lakhala likupita ku zipangizo zotsika mtengo, poyamba FISP, kenako AIP mu 2020. Zotsalira kafukufuku ndi ulangizi n'zochepa, n'chifukwa chake mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa chikwi, m'madera ena kuposa zikwi ziwiri, m'boma la anthu oposa 680,000.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Wopereka ndalama ndiye amasankha mutu, amasankha boma lochitiramo, ndipo lipoti limapita kwa iye. Si kuti amasankha zoipa. Koma pulojekiti ikatha, munda wachitsanzo umatha nawo, ndipo palibe ofesi ya kuno imene inasainira kuti idzapitiriza.

Matenda a chisaka anatha nthochi zathu. Ofufuza anali kuti?

Analipo, ndipo chomwe chimayambitsa ankachidziwa. Matendawa anaoneka koyamba m'dziko muno ku Nkhotakota m'ma 1990, amafala ndi nsabwe za nthochi komanso ana a nthochi otengedwa m'munda wodwala, ndipo alibe mankhwala. Yankho lake ndi kuzula zonse zodwala n'kubzala mbewu yoyera. Chimene chinavuta si sayansi ayi. Kuzula kumafuna kuti mudzi wonse uchite pamodzi, chifukwa phata limodzi lotsala limadwalitsanso minda yonse. Kumafunanso kuti mbewu yoyera ikhale itakonzeka pa nthawi imene mlimi akuzula. Wochulukitsa mbewu, wouza anthu kuti azule, ndi wopereka ndalama anali anthu a maofesi osiyana, ndipo mlimi amene anauzidwa kuti azule asanaone chobzala anali ndi chifukwa chomveka chokanira. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene nthochi zinkadzaza malole opita ku Blantyre, anthu anafika pogula nthochi zochokera ku Tanzania ndi Mozambique.

Ophunzira kapena ofufuza akafika m'mudzi mwathu, tili ndi ufulu wotani?

Ayenera kukhala ndi chilolezo. Kafukufuku wofunsa anthu mafunso amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona kuti ofunsidwa asaponderezedwe, pansi pa ulamuliro wa National Commission for Science and Technology. Ayeneranso kudzera kwa DC, ku ofesi ya zaulimi ndi kwa amfumu. Inu muli ndi ufulu wodziwa amene wawatuma, chimene akufuna, ndi kumene mayankho anu akupita. Mukhoza kukana osapereka chifukwa, ndipo kukanako sikukhudza dzina lanu pa mndandanda wa zipangizo zotsika mtengo kapena thandizo lina lililonse.

Ngati akufuna kuyesera m'munda mwanu, mugwirizane zisanayambe: mbewu ndi feteleza agula ndani, zokolola zidzakhala za yani, nanga zikakanika adzalipira ndani. Njira yabwino ndi ija ya munda wa mayi ndi ana, imene Sieglinde Snapp anayambitsa muno m'Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990: munda umodzi waukulu woyesera zonse, ndi timinda tambiri ta alimi, aliyense kuyesa ziwiri kapena zitatu n'kunena yekha maganizo ake. Ndipo musaiwale kufunsa tsiku limene adzabwere kudzanena zomwe apeza.

Tingatani kuti vuto lathu lifike kwa ofufuza?

Njira ilipo pa pepala. Ndondomeko ya ulangizi ya chaka cha 2000 inati ulangizi uziyambira pa zofuna za alimi, ndipo inalola mabungwe ndi makampani kuchita nawo ulangizi. Pofuna kuti onsewa asamapondane, panakhazikitsidwa makomiti: ya zaulimi ya m'mudzi, bwalo la okhudzidwa pa dera la mfumu yaikulu, bwalo la pa boma, ndi komiti ya DAECC imene imasonkhanitsa onse ochita ulangizi m'boma. Bungwe kapena yunivesite yofuna kugwira ntchito ya ulimi ku Mulanje imayenera kuonekera ku DAECC.

M'malo ambiri makomitiwa amakumana pokhapokha pakapezeka wolipira mayendedwe, ndipo pamenepo wolipirayo ndiye amabwera ndi nkhani zokambirana. Komabe ndi khomo lokhalo limene alimi ali ndi mpando wawo. Lembani vuto lanu, osangolinena: mbewu yanji, mudzi uti, linayamba liti, mwayesapo chiyani. Perekani kwa AEDO, sungani kope, ndipo pemphani kuti lilowe m'maminitsi a bwalo la dera. Likafika ku DAECC, ofesi ya pa Boma ikhoza kuitana a ku Bvumbwe, a ku LUANAR, kapena a ku yunivesite ya MUST, imene ili pafupi pompa ku Ndata m'boma la Thyolo. Pakapita nthawi osamva kanthu, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kulembera ofesi ya boma kapena yunivesite ya boma kufunsa pamene nkhani yanu yafika, ndiponso kupempha lipoti la kafukufuku amene anachitika m'mudzi mwanu.