Za Chinyezi cha m'Zipupa za Nyumba Zakale

Chipupa chikachita mawanga a chinyezi, eni nyumba ambiri amathamangira kugula laimu kapena penti. Pakapita miyezi iwiri mawanga aja amatulukanso, pakuti madzi amene anawabala akali momwemo. Tsono mwini nyumba ayenera kuyamba wadziwa kumene madziwo achokera, ndipo chomuuza ndicho malo a banga ndi nyengo imene lionekera.

Banga loyambira pansi, lokwera mofanana m'litali mwa chipupa, kawirikawiri osapitirira mita 1, lisonyeza madzi ochokera m'nthaka. Njerwa imamwa madzi monga chingwe cha nyali chimwera palafini. M'mphepete mwa banga lotere mumakhala mchere woyera, ndipo pulasitala amafumbutuka akakhudzidwa. Nyumba zakale zambiri zinamangidwa popanda chotchinga madzi pamwamba pa maziko. Komanso m'kupita kwa zaka dothi la pabwalo ndi la m'maluwa limakwera kufikira likwirira njerwa zoyamba. Apa pafunika khasu: kuchotsa dothilo ndi kukumba ngalande yopatutsa madzi a padenga. Kumata simenti yolimba pa chipupa chomangidwa ndi dothi nkulakwa, chifukwa imatsekera madzi m'kati, ndipo iwo amangokwera ndi kutulukira pamwamba pake.

Banga la m'mwamba, lodetsedwa mvula ikagwa ndi kuuma dzuwa likawala, ndi la lata lobooka kapena mng'alu wa kunja. Limene siliuma ngakhale mu Okutobala, paipi ili pafupi.

Chonyenga anthu kwambiri ndi chuku chakuda cha m'ngodya ndi kuseri kwa kabati, chimene chimachuluka m'Juni ndi m'Julayi, makamaka ku Thyolo ndi ku Mulanje pa masiku a chiperoni. Madzi ake sachokera kunja ai. Ndi nthunzi ya mphika, ya zovala zoyanikidwa m'nyumba ndi ya mpweya wa anthu ogona mazenera ali chitsekere, imene isanduka mame pa chipupa chozizira. Ana a chifuwa cha mphumu ndiwo amavutika nacho koposa.

Wokayika amate kapepala ka pulasitiki pa banga, atseke mbali zonse zinayi, nadikire masiku 2. Madontho akakhala kunja kwa kapepalako, vuto ndi nthunzi ya m'chipinda. Akakhala kumbali ya chipupa, njerwa ndizo zanyowa. Gwero litatsekedwa asafulumire kupaka laimu, pakuti chipupa chochindikala chimatha miyezi ingapo chisanaume.