Matt Busby: Wosewera Mpira Amene Anapeza Malo Ake

Matt Busby anabadwa m'chaka cha 1909 m'mudzi wa Orbiston ku Scotland, kumene amuna ambiri ankagwira ntchito m'migodi ya malasha. Bambo ake anafera ku Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse mu 1917, ndipo mnyamatayo atasinkhuka analowanso mumgodi. Pa nthawi yopuma ankasewera mpira wamiyendo m'timu ya Denny Hibs.

Mu 1928, pamene mayi ake ankakonzekera kusamukira ku United States, timu ya Manchester City ya ku England inamulemba ntchito ya mpira pa malipiro a mapaundi 5 pa sabata. Busby anasankha mpira, koma zinthu sizinamuyendere bwino poyamba.

M'masiku amenewo, timu inkaika osewera asanu kutsogolo, atatu pakati ndi awiri kumbuyo, kuphatikiza wapagolo. Busby anaikidwa kutsogolo, malo ofuna liwiro, koma iye sanali waliwiro kwenikweni. Mtengo wake unali wotsika kwambiri: mu 1930 timu ya Manchester United inafuna kumugula, ndipo City inangotchula mapaundi 150, ngakhale kuti United inalephera kupeza ndalamazo.

Mphunzitsi wa City, Peter Hodge, anaona kuti luso la mnyamatayu lagona poona mnzake amene ali pabwino ndi kumupatsira mpira molondola. Choncho anamubweza pakati, mbali ya kumanja. Kumeneko bwalo lonse linkaoneka patsogolo pake, ndipo ankapeza mpata woganiza asanamenye mpira. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1933 anasewerera timu ya dziko la Scotland polimbana ndi Wales. Chaka chomwecho City inagonja kwa Everton ndi zigoli 3 kwa 0 m'ndime yomaliza ya chikho cha FA Cup, koma mu 1934 inatenga chikhocho itagonjetsa Portsmouth 2 kwa 1.

Mu 1936 timu ya Liverpool inamugula ndi mapaundi 8,000, kenaka inamusankha kukhala kaputeni. Nkhondo yachiwiri itabuka mu 1939, mipikisano ya ligi inaima ndipo Busby analowa usilikali. Mu 1945 anakhala mphunzitsi wa Manchester United, timu yomwe inalephera kumugula ija, ndipo mu 1968 anaitsogolera kutenga chikho cha European Cup.

Busby akanakakamira kutsogolo, mwina akanabwerera kumgodi. Luso anali nalo kuyambira kale. Chimene chinkasowa chinali malo oliyenera ndi munthu woliona.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani Busby ankavutika posewera kutsogolo?
2. Yerekezani mtengo wake wa mu 1930 ndi wa mu 1936. Kodi chinasintha n'chiyani?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi womwe uli m'nkhaniyi.
4. Lembani ndime imodzi yokhudza munthu amene anasintha ntchito kapena dziko ndipo zinamuyendera bwino.